Galimoto ikuwira, pamtunda siikukoka: kumene vuto limabisala pa Corolla yakale

Mwezi wa Okutobala ukafika, woyenda msewu wokwera kuchokera ku Chikwawa kubwera ku Blantyre, kapena wochoka ku Golomoti kukwera ku Dedza, sangalephere kuziona: tigalimoto taima m'mphepete mwa msewu, boneti ili pululu, nthunzi ili tolotolo, dalaivala akupempha madzi pakhomo pa eni ake. Mukamufunsa, nkhani imakhala imodzi. Inayamba kufooka pamtunda, geji ya kutentha inakwera, kenako inawira. Ikakafika ku galaja chigamulo chimabwera msanga, akuti gasiketi (chomatira pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake) yapsa, hedi (mutuwo) ichotsedwe. Nthawi zina zimakhaladi zoona. Koma mahedi ambiri amamasulidwa pachabe, ndipo ena amene anayeneradi kumasulidwa amapsanso pasanapite nthawi, chifukwa chimene chinapsetsa gasiketi yoyamba sichinafufuzidwe.

Galimoto imene tikuigwiritsa ntchito pofotokoza ndi Toyota Corolla ya m'zaka za m'ma 1990, ya AE100 ndi AE110, yokhala ndi injini ya 5A-FE ya malita 1.5, kapena ya AE101 ndi AE111, yokhala ndi 4A-FE ya malita 1.6. Injini zimenezi buloko yake (thupi la injini mmene muli masilinda) ndi ya chitsulo, hedi ndi ya aluminiyamu. Manambala amene tipereke ndi a injini ziwirizi. Pa Vitz, March kapena Starlet kaganizidwe ndi komweko, koma manambala muwaone m'buku la galimoto yanuyo.

Chinayamba ndi chiti?

Petulo akapsa mu silinda, mphamvu imene imafika ku matayala sikwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo atatu. Yotsalayo ndi kutentha, kumene kwina kumatuluka ndi utsi ku ekizozi, kwina kumatengedwa ndi madzi kupita ku rediyeta. Ndiye chifukwa chake kuwira ndi kufooka zimayendera limodzi, ndipo chilichonse chikhoza kubereka chinzake.

Injini ikatentha kwambiri imafooka. Mpweya wotentha ndi wopepuka, silinda siidzaza bwino. Petulo amayamba kuphulika yekha pulagi isanamalize ntchito yake, ndipo mumamva kaphokoso ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini mukaponda moto pamtunda. Mapisitoni nawo amafufuma n'kuyamba kukhula makoma a silinda. Koma zimathekanso mwa njira inayo: moto wa mapulagi ukamabwera mochedwa, petulo akamachepa, ekizozi ikatsekeka kapena mabuleki akamagwira okha, injini imafooka kaye, inu n'kumaponda kwambiri kuti ikoke, kenako kutentha n'kuposa mphamvu ya rediyeta.

Choncho sipanala isanakhudze bawuti iliyonse, mwini galimoto ayankhe funso ili: m'mawa, injini ikadali yozizira bwino, galimoto imakoka ngati kale? Ngati imakoka n'kudzafooka pokhapokha geji ikakwera, yambani ndi mbali ya madzi. Ngati ndi yofooka kuyambira pachipata cha kunyumba, madzi si amene ayambitsa, ngakhale kuti ndi amene akuwira. Funso lachiwiri ndi lakuti imawira ikakhala pati: pamnzere wa galimoto m'tauni, kapena ikuthamanga, kapena paliponse. Mayankho awiriwa amadula theka la ntchito.

Ikawira muli panjira

Geji ikangodutsa pamene imakhala masiku onse, zimitsani AC, tsegulani hita mpaka kumapeto ndi fani yake, ndipo funani poima. Hita ndi karediyeta kakang'ono, kamachotsako kutentha ndithu. Mukaima, ngati nthunzi siikutuluka, madzi sakudontha ndipo lamba akuzungulira, isiyeni ilire payokha mphindi ziwiri kapena zitatu muone ngati geji itsike. Ikapanda kutsika, kapena lamba waduka, kapena madzi akutayika pansi, zimitsani pompo.

Musatsegule chitsekero cha rediyeta. Madzi ali m'katimo ali pa puresha ndipo akhoza kukhala opitirira madigiri 110. Mukangotsegula amasanduka nthunzi n'kukulavulirani kumaso ndi m'manja. Dikirani theka la ola kapena kupitirira, mpaka paipi yapamwamba ifewe moti mungathe kuifinya ndi dzanja, kenako mutsegule ndi nsalu yochindikala, pang'ono kaye kuti mpweya utuluke. Musathire madzi ozizira pa hedi kapena mu injini youma imene ikadali ya moto, aluminiyamu amapindika kapena kung'aluka.

Pali chizindikiro china chimene chimanyenga anthu ambiri. Geji imakwera, kenako n'kutsika yokha, hita n'kuyamba kutulutsa mpweya wozizira. Injini siinachire ayi. Madzi atha, sensa ya geji yatsala mu mpweya ndipo siikuwerenganso zoona. Amene amapitiriza ulendo pamenepa ndi amene amafika kwawo injini itanoka.

Yowira pamnzere, yozizira ikathamanga

Imeneyi ndi nkhani ya mpweya wodutsa mu rediyeta, ndipo woyamba kumukayikira ndi fani. Pa Corolla zimenezi fani ndi ya magetsi, imayaka madzi akafika cha m'ma madigiri 93 n'kuzima akatsikako. Siyani injini ilire galimoto itaima, maso pa geji. Fani iyenera kuyaka geji isanadutse pakati. Ikapanda kuyaka, Toyota anatipatsa njira yapafupi yoyesera: kiyi ali pa ON, zulani pulagi ya mawaya ya swichi ya fani, imene imakhala pafupi ndi nyumba ya thermostat (kavalavu kamene kamatsegula njira ya madzi ya ku rediyeta injini ikatentha) kapena pa thanki yam'munsi ya rediyeta. Fani iyenera kuzungulira nthawi yomweyo. Ikazungulira, fyuzi, relay ndi mota zili bwino, wolakwa ndi swichi. Ikakhala chete, onani fyuzi, sinthanitsani relay ndi inzake yofanana nayo m'bokosi lomwelo, kenako perekani magetsi a batire ku mota mwachindunji. Mota yotopa imazungulira mwaulesi, kapena imayamba mukaigogoda. Manja ndi zovala zikhale kutali ndi mapiko ake poyesa zonsezi.

Fani ikuzungulira sikutanthauza kuti ikugwira ntchito. Ikani kapepala kutsogolo kwa rediyeta: kayenera kukokedwa n'kumamatira. Kakamakankhidwa, wina anasemphanitsa mawaya ndipo fani ikulimbana ndi mphepo ya msewu. Chipulasitiki chozungulira fani chikathyoka kapena kuchotsedwa, mpweya umangozungulira m'mbali osadutsa mu rediyeta. Chizolowezi cholumikiza fani kuti izingozungulira kiyi akatsegulidwa chimathandiza kuti mufike kunyumba, koma si kukonza. Mota imatha msanga, ndipo tsiku limene idzafe palibe chimene chidzakuchenjezeni.

Yowira ikathamanga kapena pamtunda

Apa mpweya ulipo wambiri, fani ilibe mlandu. Chikuchepa ndi madzi odutsa mu rediyeta, kapena rediyeta yatopa moti siikuthanso kutaya kutentha konse kumene injini ikupanga ikamakoka mwamphamvu.

Yambani panja. Pakati pa rediyeta ndi condenser ya AC pamadzaza udzu, njere, tizilombo ndi matope, makamaka pa galimoto yoyenda misewu ya fumbi. Kutsogolo kumaoneka koyera koma mukaunika ndi tochi kuchokera kumbuyo kuwala sikudutsa. Tsukani ndi madzi a paipi kuchokera mbali ya injini kupita kutsogolo. Makina opopera mwamphamvu a kotsukira galimoto amapinda timapiko ta rediyeta.

M'kati ndi mmene muli vuto lalikulu la galimoto zathu. Madzi a pamjigo ndi a pachitsime ali ndi mchere ndi laimu, zomwe zija zimamata pansi pa ketulo. Zikakumana ndi dzimbiri lochokera mu buloko ya chitsulo, timapaipi ta rediyeta timatsekeka kamodzikamodzi. Kuti mudziwe, tenthetsani injini, izimitseni, chotsani kiyi, zulani pulagi ya fani, kenako yendetsani dzanja pa rediyeta yonse. Kutentha kuyenera kuchepa pang'onopang'ono kuchokera pamwamba kupita pansi. Mukapeza chigawo chozizira pakati pomwe m'mbali mukuotcha, pamenepo madzi sakudutsa. Kuthira paipi ya madzi pakamwa pa rediyeta sikutsegula timapaipi totere, madzi amangodutsa m'mene muli motseguka kale. Akatswiri a marediyeta amachotsa thanki n'kutokosa kapaipi kalikonse, ndipo zimathandiza ngati timapiko tikadali tolimba. Tikamayoyoka mukatikhudza, kapena thanki ya pulasitiki yasanduka ya bulawuni n'kuyamba ming'alu, gulani rediyeta ina. Guluu pa thanki ya pulasitiki sapirira puresha ndi kutentha.

Onaninso paipi yam'munsi wina akuponda moto. Pampu imayamwa madzi kudzera m'menemo, ndipo paipi yokalamba imaphwatalala injini ikathamanga, madzi n'kuleka kuyenda. Moto ukatsika imabwerera mwakale, n'chifukwa chake anthu ambiri saiona.

Chitsekero cha rediyeta ndi chotsika mtengo kuposa zonse, koma chimaiwalika. Ntchito yake ndi kusunga puresha ya 0.9 bar, zina 1.1 bar, ndipo nambala imalembedwa pamwamba pake. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi a m'poto amawira asanakwane madigiri 97. Injini yabwinobwino imafika pafupi ndi pamenepo fani isanayake. Chitsekero chabwino chimakweza powira madzi kufika cha m'ma madigiri 115 kapena kuposa. Labala wake akang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, galimoto imawira geji isanafike n'komwe pofiira, madzi amathawira mu kabotolo ka pambali ndipo sabwerera injini ikazizira. Musaike chitsekero cha puresha yoposa imene galimoto inapangidwira, mungaphulitse thanki kapena hita.

Thermostat, ndi chifukwa chake siiyenera kutayidwa

Thermostat ikakakamira yotseka, galimoto imawira paliponse ndipo mwamsanga, mphindi khumi zisanathe. Pa injini zimenezi imakhala kumene paipi yam'munsi imalowera. Paipi yam'munsi ikakhala yozizira kwambiri pomwe geji yakwera, ikayikireni. Kuiyesa n'kosavuta. Imangirireni ndi kawaya mu poto wa madzi isakhudze pansi, ikani choyezera kutentha, n'kuyatsa moto. Iyenera kuyamba kutseguka pakati pa madigiri 80 ndi 84, ndipo pofika 95 ikhale itatseguka mamilimita 8 kapena kuposa. Yochedwa, yotseguka pang'ono, kapena yosatseka ikazizira, ndi yosintha. Poika yatsopano kabowo kake kokhala ndi kachitsulo kogwedera kakhale pamwamba, ndi potulukira mpweya.

M'magalaja ambiri muli chikhulupiriro chakuti thermostat ndi ya ku maiko ozizira, kuno ndi yongotaya. Pa 5A-FE ndi 4A-FE kuchita zimenezi n'kuononga. Thermostat yake ili ndi kambale kumbuyo kamene kamatseka njira yachidule ya madzi injini ikatentha, kuti madzi onse akakamizike kudutsa mu rediyeta. Ikachotsedwa njira ija imakhala yotseguka, madzi ena otentha amangozungulira mu injini osapita kukazizira. Pamtsetse ndi m'mawa injini imazizira kwambiri, kompyuta imaganiza kuti siinatenthe n'kumathira petulo wambiri, mapulagi amada, petulo amatsuka oyilo pa makoma a silinda. Pamtunda imawirabe. Galimoto imene yasiya kuwira thermostat itachotsedwa, mwina thermostat yakeyo inali yakufa ndipo ikufunika ina, kapena rediyeta yake ili pafupi kutsekeka.

Pampu ya madzi pa injini zimenezi imazunguzidwa ndi lamba wakunja, yemweyo wa alternator. Lamba wolobodoka kapena wonyezimira amatsetsereka. Pansi pa pampu pali kabowo, ndipo mukaona dontho kapena zoyera zouma pamenepo, siilo yatha. Gwedezani pule ndi dzanja injini itazima, siiyenera kusewera. Vuto lobisika ndi mapiko a m'kati kudyeka ndi dzimbiri. Pampu yotero siidontha, siilira, koma siikankha madzi. Injini itatentha ndipo thermostat yatseguka, hita ikamatentha mofooka ngakhale mukuponda moto pomwe madzi ndi odzaza, pampu itulutsidwe ionedwe.

Chilichonse mwa izi chikasinthidwa, mpweya uchotsedwe. Ikani galimoto mutu uli kumtunda, hita pa kutentha, chitsekero chochotsa, thirani pang'onopang'ono, lizani injini, finyani mapaipi, n'kumaonjezera mpaka thovu lithe ndipo fani iyake kawiri. Injini yonse imalowa malita apakati pa 5 ndi 6. Sakanizani coolant (mankhwala othira mu rediyeta) ndi madzi theka ndi theka, kapena coolant asachepere gawo limodzi mwa atatu, ndipo madziwo akhale oyeretsedwa aja othira mu batire, osati asidi, kapena a mvula osefa bwino. Kuno madzi saundana mu injini, zoona, koma coolant ndi amene amateteza hedi, pampu ndi rediyeta ku dzimbiri. Ndi wotsekemera komanso ndi poizoni, musamusiye poyera pamene pali ana kapena ziweto.

Madzi akamatha

Galimoto imene imafuna madzi m'mawa uliwonse ikutaya penapake. Kudontha kwa panja kumasiya chizindikiro choyera kapena cha dzimbiri: pa zomangira mapaipi, pa timapaipi ta hita kumbuyo kwa injini, pa msoko wa thanki ya rediyeta, pa timbale tozungulira totseka m'mbali mwa buloko. Kapeti wonyowa kumapazi ndi galasi lochita nthunzi m'kati zimaloza ku hita. Kabowo kakang'ono kamadontha injini ikatentha basi ndipo madzi amauma asanafike pansi. Pampu yoyesera imene imamangidwa pakamwa pa rediyeta imakaonetsa: pompani mpaka nambala ya pa chitsekero injini ili yozizira, n'kudikira mphindi 15. Muvi ukatsika pomwe panja pali pouma, madzi akulowa mu injini.

Pamenepa ndi pamene gasiketi ya hedi iyenera kulowa m'nkhani, ndipo ipezeke ndi umboni, osati ndi maso okha. Gasiketi imalekanitsa zinthu zitatu, moto, madzi ndi oyilo, ndipo zizindikiro zimatengera pamene yabowokera. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka amatanthauza kuti madzi alowa mu oyilo, koma magasiketi ambiri amapsa oyilo ali woyera bwinobwino, ndipo tizoyera pang'ono pansi pa chitsekero cha oyilo tikhoza kungokhala chinyezi cha galimoto yoyenda maulendo aafupi. Chofala kwambiri ndi kubowoka pakati pa silinda ndi njira ya madzi. Utsi umalowa m'madzi n'kuwakankhira kunja. Madzi nawo amalowa mu silinda galimoto ikagona, ndiye m'mawa imalira ikumisa kwa masekondi angapo n'kutulutsa utsi woyera wonunkhira motsekemera umene suleka injini ikatentha.

Yesani motere. Injini yozizira usiku wonse, dzazani rediyeta mpaka pakamwa, lizani chitsekero chili chochotsa. Thovu losaleka, lochuluka mukaponda moto, ndi utsi. Kapena bwezerani chitsekero n'kugwira paipi yapamwamba: ikalimba gwa mphindi imodzi kapena ziwiri madzi asanatenthe, puresha imeneyo yachokera mu silinda. Magalaja ena ali ndi kabotolo ka mankhwala a buluu kamene kamaikidwa pakamwa pa rediyeta. Mankhwalawo akasanduka achikasu, mlandu watha. Masulani mapulagi onse anayi n'kuwandanda monga mwa masilinda ake. Imodzi ikakhala yoyera mbee ngati yatsopano pomwe zinzake ndi zodera, silinda imeneyo ikutsukidwa ndi nthunzi.

Kenako yezani kompuresheni, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda. Injini yofunda, mapulagi onse ochotsa, moto wa mapulagi ndi petulo zodula, phazi litaponda moto mpaka pansi, batire yamphamvu. Pa 4A-FE yabwino mumapeza cha m'ma 13 bar, yotsikitsitsa yovomerezeka ndi 10, ndipo masilinda asasiyane kuposa 1 bar. Pamalo okwera manambala onse amatsikako pang'ono, ndiye chofunika kwambiri ndi kusiyana kwake. Masilinda awiri oyandikana akakhala otsika onse, gasiketi yapsa pakati pawo, ndipo galimoto yotero imafooka kwambiri ngakhale madzi sakutha. Imodzi yokha ikatsika, thirani supuni yaing'ono ya oyilo pa bowo la pulagi n'kuyezanso. Nambala ikakwera, ndi maring'i, omwe amafooka injini ikapsa kwambiri. Ikapanda kusintha, ndi valavu kapena gasiketi.

Hedi ikachotsedwa isabwezedwe isanayezedwe. Rula yachitsulo yowongoka ndi timapepala tachitsulo toyezera mpata ndi zimene zimanena zoona: kupindika koposa mamilimita 0.05 n'kosavomerezeka. Hedi ipite kwa amakina akaisikime (kuipala kuti iwongoke) ndi kuiyesa ngati ili ndi mng'alu, makamaka pakati pa mavalavu. Pamwamba pa buloko payezedwenso. Mabowo a mabawuti 10 aja apukutidwe, chifukwa madzi kapena oyilo wotsalira pansi amapangitsa bawuti kuoneka yolimba isanapanikize gasiketi. Kumanga kumayambira pakati kupita kunja, mopingasa, ndi torque wrench kenako kupotoza madigiri amene buku lanena. Kumanga ndi chipaipi pongomva m'manja ndi kumene kumabweza galimoto ku galaja. Ndipo gasiketi kawirikawiri siipsa yokha. Ngati rediyeta, fani, thermostat ndi chitsekero sizinayesedwe, yatsopanoyo ipsanso.

Pamene kufooka ndiko kunayamba

Taiming'i ya moto, nthawi imene pulagi imayatsa petulo, ndi yoyamba kuiona pa injini za distributor (chogawa moto ku mapulagi), makamaka ngati wina anaigwirapo. Moto wochedwa umapsa petulo pisitoni itatsika kale, mphamvu imachepa ndipo kutentha kumatsalira mu hedi ndi mu ekizozi, nthawi zina mpaka manifold kufiira usiku. Moto wofulumira kwambiri umabweretsa kaphokoso ka timiyala kaja, komwe kamadya gasiketi ndi mapisitoni. Pa injini zimenezi ndi madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba, poyeza ndi nyali ya taiming'i, injini yotentha, mutalumikiza TE1 ndi E1 m'kabokosi ka DIAGNOSIS ndi kawaya. Kutchera ndi khutu popanda kulumikiza ziwirizi kumaphonyetsa. Kawaya komweko, kiyi ali pa ON, kamapangitsa nyali ya CHECK kuphethira manambala a zovuta. Nambala 22 ndi sensa ya kutentha imene kompyuta imawerenga, yomwe ndi yosiyana ndi ya geji. Yabwino imaonetsa ma ohm 2,000 mpaka 3,000 pa madigiri 20, ndi 200 mpaka 400 pa madigiri 80. Ngati vuto linayamba lamba wa taiming'i atangosinthidwa, tsegulani chivundikiro muone zizindikiro zake. Dzino limodzi lolumpha limafooketsa injini ngakhale imalira bwinobwino.

Petulo wochepa poyerekeza ndi mpweya amaotcha. Sefa ya petulo yotsekeka kapena pampu yotopa zimapereka okwanira galimoto ikamayenda pang'ono, koma pamtunda imayamba kujejema ngati ikutsamwa. Puresha iyenera kukhala pafupi ndi 3 bar ndipo isagwe mukaponda moto. Timapaipi ta mpweya tong'aluka ndi ma injector akuda zimachita chimodzimodzi, ndipo mapulagi amakhala otuwa kwambiri onse anayi. Petulo wa m'zigubu, amene anthu amadalira mafuta akasowa, amabwera ndi fumbi ndi madzi, ndipo akasakanizidwa ndi palafini amaphulitsa kaphokoso kaja ngakhale taiming'i ili bwino. Vuto likayamba mutangothira petulo wotero, khuthulani thanki ndi kusintha sefa musanakhudze china.

Catalytic converter (choyeretsa utsi chimene chili pa ekizozi) yotsekeka imapereka chithunzi chofanana kwambiri ndi gasiketi yakupsa. Galimoto imene yakhala ikumisa kapena kudya oyilo kwa nthawi yaitali imasungunula zisa za m'kati mwake. Imalira bwino itaima, koma mukaponda siikwera, imafooka kwambiri ikatentha, pansi pa mapazi pamafunda ndipo geji imakwera pamtunda. Geji ya vacuum pa manifold imaulula: gwirani injini pa 2,500 rpm, muvi ukamatsika pang'onopang'ono m'malo mokhazikika, utsi ukusowa kotulukira. Popanda geji, masulani sensa ya oxygen ya kutsogolo kapena mabawuti a paipi yoyamba ya ekizozi, n'kuyenda kamtunda kochepa mawindo ali otsegula. Mphamvu ikabwerera, mwapeza. Fufuzaninso chimene chinaisungunula.

Nthawi zina injini ilibe mlandu n'komwe. Mutayenda makilomita angapo, yandikitsani dzanja pa rimu iliyonse. Imodzi ikamaotcha kuposa zinzake, buleki ikugwira, ndipo injini yakhala ikukoka galimoto yomangidwa. Kilatchi yotha imakweza phokoso la injini liwiro osakwera. Pa galimoto ya otomatiki, oyilo wa giyabokosi amazizira mu thanki yam'munsi ya rediyeta, ndiye giyabokosi yotsetsereka imathira kutentha kwake m'madzi a injini. Oyilo wake akada n'kumanunkha kupserera, ayambe ndi ameneyo. Kayendetsedwe nakonso kali ndi mbali: kukwera phiri pa giya yapamwamba phazi lili pansi, galimoto itadzaza anthu ndi matumba, kumapanga kutentha kwambiri pomwe pampu ikuzungulira pang'onopang'ono. Tsitsani giya, kapena zimitsani O/D (giya yapamwamba ya otomatiki), injini izungulire momasuka cha m'ma 3,000 rpm.

Geji nayo imanama. Waya wa earth pakati pa injini ndi bodi akadyeka, muvi umakwera mukayatsa nyali kapena fani. Muvi wodumpha mwadzidzidzi ndi wa magetsi, chifukwa madzi satentha m'kuphethira kwa diso. Choyezera kutentha choloza ngati tochi chimathetsa mkangano: potulukira madzi pa hedi payenera kukhala pakati pa madigiri 85 ndi 95.

Ntchito ikatha, galimoto isaperekedwe itangolira pa galaja. Iyende pamtunda weniweni, masana, AC ili yoyaka, kenako iime ikulira mpaka fani iyake ndi kuzima kawiri. Lembani mzere pa kabotolo ka pambali injini ili yozizira. Kwa sabata yathunthu, m'mawa uliwonse musanalize, onani mzere uja ndipo tsegulani chitsekero muone ngati rediyeta ikadali yodzaza mpaka pakamwa. Tsiku loyamba kapena lachiwiri madzi akhoza kutsikako pang'ono mpweya wotsalira ukamatuluka. Akamatsikabe pofika tsiku lachinayi, pampu yoyesera puresha ibwererenso pa rediyeta.